Nyumba ya ku Leeds, miyezi isanu kumudzi, ndi inshuwalansi yomwe makampani akukana

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Malawi yemwe amagwira ntchito ya unamwino ku Britain, ndipo likuti: "Ndimakhala ku Kirkstall mumzinda wa Leeds, m'nyumba yakale ya njerwa yomwe ndinagula pa ngongole ya kubanki. Mayi anga akudwala kwathu ku Ntcheu, ndiye ndikufuna kukakhala nawo kuyambira Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi. Ndimakhala ndi mnyamata wina wa kwathu yemwe akuphunzira pa yunivesite, amagona m'chipinda chake ndipo amandipatsa kangachepe mwezi ndi mwezi, koma nthawi ya Khrisimasi amachoka kwa masabata angapo. M'chipinda cha pansi pa nthaka ndimasungamo katundu wa anthu a kumpingo wodikira kontena. Nditalemba zonsezi pa intaneti, makampani ambiri a inshuwalansi akana kundipatsa mtengo, ndipo mnzanga akuti ndingosiya inshuwalansi yanga monga ilili, ndisanene kanthu. Ndichite chiyani? Nanga nyumba yomwe ndikumanga ku Lilongwe ingalowe nawo m'pangano lomweli?"

Mayi, pepani ndi matenda a mayi athu, ndipo ndikufunirani ulendo wabwino. Ndiyambe ndi malangizo a mnzanuwo, chifukwa pa zonse zomwe mwalemba ndi okhawo amene angakutayitseni nyumba. Kampani ya inshuwalansi sinagulitse chitetezo kwa njerwa ndi denga zokha, koma inawerengera mtengo poganizira banja lomwe munalifotokoza tsiku logula panganolo: kuti mwini nyumba amagona momwemo usiku uliwonse, kuti okhalamo ndi apachibale, komanso kuti katundu ali m'katimo ndi wanu. Kuyambira Novembala, zitatu zonsezi sizidzakhalanso zoona. Mukakhala chete, mudzapitiriza kulipira mwezi ndi mwezi pangano loteteza banja lomwe kulibe, ndipo mudzazindikira zimenezi tsiku lomwe madzi adzakhale atadzaza m'balaza.

Kukanidwa pa intaneti kusakutayitseni mtima. Malo oyerekezera mitengo aja anapangidwira nyumba wamba, ndipo kompyuta ikangoona yankho limodzi lopatuka pa zomwe inazolowera, imakuchotsani pamndandanda popanda munthu aliyense kuona nkhani yanu. Inu muli ndi zopatuka zinayi nthawi imodzi: ulendo wautali, munthu wosakhala wachibale m'nyumba, mtsinje wa Aire pafupi ndi dera lanu la Kirkstall, ndi katundu wa eni ake. Chilichonse mwa izi chili ndi makampani omwe amachilandira, kungoti ambiri mwa iwo sagulitsa kudzera pa malo oyerekezera mitengo, amadikira buloka, yemwe ndi mkhalapakati wa inshuwalansi, kuti awaimbire foni n'kuwafotokozera. Dziwaninso kuti kulephera kupeza mtengo pa intaneti n'kosiyana ndi kuthetseredwa pangano. Kampani ikadzathetsa pangano lanu chifukwa chobisa chilungamo, funso loti "kodi munathetseredwapo inshuwalansi" lidzakutsatani kulikonse komwe mudzapite, ndipo kuyankha kuti inde kumakweza mtengo kwa zaka zambiri.

Lamulo lomwe limayendetsa nkhaniyi ndi Consumer Insurance (Disclosure and Representations) Act la 2012, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2013. Limati wogula inshuwalansi asamale kuti asapereke yankho losokeretsa pa mafunso omwe wafunsidwa, pogula, pokonzanso pangano chaka chikatha, kapena posintha kanthu. Ngati munthu wasokeretsa mwadala kapena mosalabadira n'komwe, kampani ikhoza kufafaniza pangano lonse ngati kuti silinakhalepo, kukana kulipira, n'kusunganso ndalama zomwe munalipira. Ngati kunali kusasamala chabe, kampani imaonanso zomwe ikadachita ikadadziwa zoona. Tiyerekeze kuti munkalipira £300 pachaka pomwe mukadanena zoona mukadalipira £500; kuwonongeka kwa £20,000 kukachitika, adzakupatsani £12,000, chifukwa munalipira magawo atatu mwa asanu a mtengo woyenera. Koma ngati kampaniyo ingasonyeze kuti sikadakulandirani konse, ikhoza kubweza ndalama zanu zapachaka n'kukana zonse. Kuwonjezera pa lamuloli, pafupifupi pangano lililonse lili ndi ndime yokulamulani kuwadziwitsa zinthu zikasintha chaka chisanathe, ndipo kubwera kwa munthu wolipira chipinda komanso kusiya nyumba nthawi yaitali zimatchulidwa mwachindunji m'ndime imeneyo.

Tsopano nkhani ya nyumba yopanda munthu, yomwe ndiyo yaikulu kwa inu. Mapangano ambiri a ku Britain amati nyumba ikakhala yopanda wogonamo kwa masiku 30 otsatizana, ena amati 60, chitetezo chimachepa chokha popanda kukulemberani kalata. Zomwe zimayamba kuchoka ndi zomwe zimachitika kawirikawiri: madzi otuluka m'mapaipi, kuba, kuwononga mwadala ndi kusweka kwa magalasi. Chotsala nthawi zambiri ndi moto, mphezi, kuphulika, chivomezi ndi kugwa kwa ndege, zomwe akadaulo a ntchitoyi amazitchula mwachidule kuti FLEEA, ndipo nokha mukhoza kuona kuti ku Leeds chivomezi si chimene chingakusowetseni tulo. Chomwe makampani amaopa kwenikweni ndi paipi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, paipi imang'ambika mwakachetechete, ndipo kukayamba kufunda madziwo amatuluka usana ndi usiku. M'nyumba yokhalamo anthu wina amamva kudontha n'kutseka madzi pasanathe ola. M'nyumba yotsekedwa, paipi ya m'denga ikhoza kukhetsa madzi kwa masabata atatu mpaka siling'i kugwa, pansi pa matabwa kufufuma, waya wamagetsi kunyowa ndi nkhungu kukwera makoma. Izi zinachitikira nyumba zambiri m'dzikolo pa chisanu cha Disembala 2010, cha kumapeto kwa Febuluwale 2018, ndi cha Disembala 2022. Miyezi yomwe mwasankhayo ndi ya mvula ndi kudzala kwathu, koma kumene muliko ndi miyezi yeniyeni ya mapaipi ophulika.

Anthu ambiri amaganiza kuti mnzawo akamabwera kudzagona usiku umodzi pamwezi ndiye kuti masiku aja ayambiranso kuwerengedwa. Werengani tanthauzo la nyumba yopanda munthu m'kabuku ka pangano lanu, chifukwa makampani ambiri analemba momveka kuti kucheza kwa apo ndi apo kapena kugona usiku umodzi si kukhala m'nyumba. Ofufuza a kampani akabwera pambuyo pa ngozi amayang'ana mabilu a gasi ndi magetsi, mulu wa makalata pakhomo ndi zomwe zili m'firiji, ndipo amachezanso ndi anansi. Mita yamakono imasonyeza tsiku ndi tsiku ngati m'nyumba munayatsidwa ketulo kapena ayi.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuimbira kampani yanu yomweyo n'kuipempha kuti iwonjezere masikuwo. Ena amavomera mpaka masiku 90 kapena kupitirirapo mukawonjezera ndalama, makamaka ulendo ukakhala wa kamodzi ndipo tsiku lobwerera likudziwika. Yachiwiri ndi pangano lapadera la nyumba yopanda munthu, lomwe limagulitsidwa la miyezi itatu, isanu ndi umodzi, isanu ndi inayi kapena chaka chonse, ndipo limakhala m'magulu: lotsika mtengo ndi la FLEEA lokha, lokwera limabwezeretsa madzi a m'mapaipi ndi kuba. Kwa inu lotsika mtengolo ndi kutaya ndalama. Njira zonse ziwiri zimabwera ndi malamulo ake omwe si zokongoletsa. Kawirikawiri amafuna kuti munthu wodalirika alowe m'nyumba masiku 7 kapena 14 aliwonse, ayendere zipinda zonse n'kulemba tsiku. Kuti m'miyezi yozizira boyila yotenthetsa m'nyumba izikhala yoyaka kuti m'nyumba musazizire kupitirira mlingo womwe alemba, womwe nthawi zambiri umakhala pakati pa madigiri 12 ndi 15, apo ayi madzi atsekedwe ndipo mapaipi ndi thanki zikhuthulidwe. Kuti makalata azichotsedwa. Komanso kuti zitseko zakunja zikhale ndi maloko a mlingo wa BS 3621. Mukasankha kusiya boyila yoyaka pomwe mita yanu ndi yogulira mayunitsi, kumbukirani kuti mayunitsi akatha boyila imazima, ndipo kampani idzati lamulo lija munaliswa. Munthu woyenderayo asakhale wongovomera chifukwa cha manyazi. Akhale wokhala pafupi, wotha kubwera ngakhale kunja kukugwa chipale, ndipo aliyense akabwera azijambula chithunzi n'kukutumizirani pa WhatsApp, chifukwa uthengawo umasonyeza tsiku ndi nthawi.

Mnyamata uja ndiye amene akupotoza nkhani yonse, ndipo akhoza kukhala thandizo lanu lalikulu kapena chopinga chanu chachikulu. Kwathu tikanangoti ndi mwana wa m'nyumba, ndipo ndalama zomwe amaperekazo tikanazitcha za ndiwo. Kwa kampani ya ku Britain, munthu wosakhala wachibale yemwe amalipira kuti azigona m'chipinda cha m'nyumba yomwe inu mukukhalamo ndi lodger, kaya amalipira zingati, kaya mumapemphera mpingo umodzi. Ngati simunamutchule pomwe anabwera, chimenecho ndicho choyamba kukonza, ulendo usanakambidwe n'komwe. Makampani ambiri amalandira lodger mmodzi kapena awiri, koma amaika ndime yoti kuba adzakulipira pokhapokha pali umboni woti chitseko kapena zenera zinathyoledwa, ndipo katundu wa mnyamatayo, monga laputopu ndi njinga yake, sakhala m'pangano lanu. Ayenera kugula yake ya katundu, yomwe kwa ophunzira siidula. Kumbali ya msonkho musade nkhawa kwambiri, chifukwa pansi pa Rent a Room Scheme mukhoza kulandira mpaka £7,500 pachaka kuchokera pa chipinda cha m'nyumba yomwe mumakhala popanda kulipira msonkho. Banki yomwe inakubwereketsani ndalama iyeneranso kudziwa, popeza mapepala a ngongole amafuna kuti nyumba ikhale ndi inshuwalansi yogwira ntchito nthawi zonse ndipo ambiri amafuna chilolezo musanalowetse munthu wolipira.

Inu mukanyamuka, mnyamatayo akatsala yekha, funso limasintha. Makampani ena adzati nyumbayo ili ndi munthu chifukwa akugonamo ndi chilolezo chanu, ndipo kwa iwo zimenezi n'zabwino kuposa nyumba yotsekedwa. Ena, omwe tanthauzo lawo limangowerengera inu ndi banja lanu, adzati nyumbayo ndi yopanda munthu ngakhale mnyamatayo akuphika nsima m'khitchini tsiku lililonse. Enanso adzati tsopano mwasanduka landilodi ndipo muyenera kugula pangano la nyumba ya lendi. Atatu onsewa akhoza kukhala olondola malinga ndi mawu a m'kabuku kawo, n'chifukwa chake yankho liyenera kubwera molemba, osati pa foni pokha. Langizo langa ndi loti mufotokoze nkhaniyi monga ilili: nyumbayi ndi kwanu kwenikweni, chipinda chanu ndi katundu wanu zikhala momwemo, tikiti yobwerera muli nayo, ndipo lodger atsala ndi mgwirizano wolembedwa womwe ukusonyeza kuti akulipira chipinda chimodzi, osati nyumba yonse. Musalole kuti aitane anzake awiri kudzathandizana naye mabilu inu mutachoka, chifukwa anthu atatu osakhala a banja limodzi ochita lendi m'nyumba imodzi amaisandutsa HMO (House in Multiple Occupation, nyumba yogawana anthu a mabanja osiyana) pa malamulo a ku England, ndipo zikatero khonsolo imakhala ndi zofuna zake, kampani ya inshuwalansi nayonso zake. Masabata a Khrisimasi omwe amachokawo muwatchule ndi masiku ake enieni. Ngati sakufika 30, mapangano ambiri sadandaula, koma ndi masabata omwewo amene chisanu chimaluma, choncho achoke atatseka madzi pa mpopi waukulu wolowetsa madzi m'nyumba, umene m'nyumba zambiri zakale umakhala pansi pa sinki ya kukhitchini kapena m'chipinda cha pansi. Muwonetseni pomwe uli, ndipo muuyese nokha ngati ukutembenuka, chifukwa mpopi womwe sunakhudzidwe zaka khumi umauma gwa.

Za mtsinje, ndikhulupirira kuti ndi zomwe zinachititsa makampani ambiri kukana musanafike n'komwe pa funso la ulendo. Pa 26 Disembala 2015 mtsinje wa Aire unasefukira, msewu wa Kirkstall Road unasanduka mtsinje, ndipo kuyambira pamenepo makompyuta a makampani amaona nambala ya dera lanu ndi diso lina. Khonsolo ya Leeds ndi Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, anamanga zotchinga madzi m'zigawo ziwiri, choyamba cha pakati pa mzinda chinatha mu 2017 ndipo chachiwiri, chomwe chikuteteza mbali ya Kirkstall, chinatha mu 2024, koma si kampani iliyonse yomwe imasintha mapu ake mwachangu. Apa buloka wodziwa ntchito amathandiza, chifukwa akhoza kuuza kampani kuti nyumba yanu ili pamtunda wotani, madzi anafikamo kapena sanafikemo mu 2015, ndi zomwe zamangidwa kuyambira nthawiyo. Mukafunsidwa ngati nyumbayo inalowapo madzi, yankhani za nyumbayo, osati za nthawi yomwe inu mwakhalamo yokha. Ngati wogulitsa analemba pa mapepala ogulitsira kuti chipinda cha pansi chinadzaza, ndiye kuti mukudziwa.

Chinthu chomwe chinapangidwira anthu onga inu ndi Flood Re, yomwe inayamba mu Epulo 2016 potsatira Water Act ya 2014 ndipo ikuyembekezeka kutha mu 2039. Simungaigule nokha. Mumagula inshuwalansi kwa kampani wamba, kampaniyo n'kupititsa gawo la madzi osefukira ku Flood Re pa mtengo wokhazikika womwe umatengera gulu la msonkho wa khonsolo la nyumba yanu, osati kuyandikira kwake kumtsinje, ndipo ndalama zoyendetsera zimachokera ku msonkho womwe makampani onse ogulitsa inshuwalansi ya nyumba amapereka. Ndalama yomwe mwini nyumba amayamba walipira yekha pa ngozi ya madzi osefukira, yomwe amaitcha excess, ku Flood Re inaikidwa pa £250, pomwe kale anthu a m'mbali mwa mitsinje ankauzidwa masauzande angapo. Nyumba iyenera kukhala yomangidwa 1 Januwale 2009 isanafike, ndipo yanu yakaleyo ikukwanira. Koma pali ndime ina yomwe ikukukhudzani mwachindunji: mwini pangano kapena wachibale wake wapafupi ayenera kumakhala m'nyumbayo nthawi zonse kapena nthawi zina, apo ayi nyumbayo ikhale yopanda munthu. Nyumba yomwe mwini wake anaichititsa lendi yonse n'kukakhala kwina siilowa. Apa mukhoza kuona chifukwa chomwe ndakakamira kuti musalole kusandutsidwa landilodi mwachisawawa: pangano la nyumba ya lendi likhoza kukuchotsani mu Flood Re, ndipo m'mbali mwa Aire kusiyana kwa mtengo kukhoza kukhala kwakukulu. Funsani buloka mwachindunji ngati pangano lomwe akukupatsani likudutsa ku Flood Re, komanso ngati lili ndi Build Back Better, yomwe kuyambira 2022 imalola makampani ena kuwonjezera mpaka £10,000 pokonza nyumba yosefukira kuti ikhale yolimba ku madzi, monga kukweza masoketi a magetsi ndi kuika zitseko zotchinga madzi. Mulembetsenso ku machenjezo aulere a Environment Agency, ndipo nambala ya foni yolandira machenjezowo ikhale ya munthu yemwe ali ku Leeds, osati yanu yomwe idzakhala ikusakasaka netiweki ku Ntcheu.

Katundu wa kontena uja achoke inu musananyamuke. Pangano la katundu wa m'nyumba limateteza zinthu zanu ndi za banja lomwe mumakhala nalo. Za alendo, ngati zilimo n'komwe, zimakhala ndi malire otsika kwambiri, ndipo ngati mumalandira kena kalikonse posunga kapena potumiza katunduyo, kampani idzati ndi bizinesi ndipo sidzalipira konse. Kuwonjezera apo, migolo ndi mabelo a zovala zili m'malo otsikitsitsa a nyumba yoyandikana ndi mtsinje, m'miyezi yomwe mtsinjewo umadzaza. Zikanyowa, kampani sidzamva za ubale wa kumpingo, koma eni katunduwo adzabwera kwa inu. Ngati ntchitoyi mukufuna kuipitiriza mukabwerako, ikufunika pangano lake la bizinesi, kapena katunduyo azipita mwachindunji kunyumba yosungiramo katundu ya kampani yotumiza.

Pofuna buloka, bungwe la British Insurance Brokers' Association lili ndi ntchito yolozera anthu kwa mabuloka omwe amadziwa nkhani zovuta monga madzi osefukira ndi nyumba zopanda anthu, ndipo dzina la aliyense yemwe mwamupeza mulifufuze m'kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, musanapereke ndalama. Ndikunena izi chifukwa m'magulu a WhatsApp ndi Facebook mumapezeka anthu olonjeza inshuwalansi yotsika mtengo, omwe amalemba mayankho abodza m'dzina lanu kuti mtengo utsike, ndipo bodzalo limadzawerengedwa kuti ndi lanu. Pokumana ndi buloka mutenge masiku a ulendo, mgwirizano wa lodger, mbiri ya ngozi zomwe munapemphapo malipiro m'zaka zisanu zapitazi, mtundu wa maloko, ndi lipoti la wofufuza nyumba lomwe munalandira pogula. Muonenso ndalama yomwe nyumbayo inalembedwa. Yofunika si mtengo womwe mungaigulitse, koma ndalama zoigwetsera, kuchotsa zinyalala ndi kuimanganso monga ilili, ndipo pali chowerengera mtengo womanganso cha BCIS (Building Cost Information Service) chomwe eni nyumba amagwiritsa ntchito pa intaneti. Ngati kumanganso kukufuna £200,000 koma inu munalemba £150,000, mapangano ambiri amalola kampani kudula malipiro aliwonse ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale chowonongeka chikhale khitchini yokha.

Mukadzalowa mu ofesi ya buloka woteroyo mudzaona kuti nkhani yanu si yachilendo n'komwe poyerekeza ndi zomwe amakumana nazo. Mumzinda wanu momwemo munachokera nyumba za Airey, zomwe Sir Edwin Airey anakonza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zomangidwa ndi mizati ndi zidutswa za konkire. Zitsulo za m'kati mwa mizatiyo zinayamba dzimbiri, ndipo lamulo la Housing Defects Act la 1984 linaziika m'gulu la nyumba zolakwika, kotero mpaka lero makampani wamba amafuna chikalata chosonyeza kuti zinakonzedwa. Kuli nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, zomwe sungasinthe ngakhale zenera popanda chilolezo cha khonsolo ndipo zikapsa ziyenera kumangidwanso ndi zipangizo zofanana ndi zakalezo. Ku London ndi kum'mwera chakum'mawa dothi ndi la makande, limauma n'kukhwinyata m'chilimwe chotentha ngati cha 2018 ndi 2022, maziko n'kutitimira, ndipo pa vuto limeneli mwini nyumba amayamba walipira yekha £1,000 m'mapangano ambiri. Ndipo chomwe chimandiseketsa nthawi zonse ndi denga la udzu: kwathu munthu akapeza ndalama amalichotsa n'kukhoma malata, pomwe ku Devon ndi Dorset nyumba yofolera ndi udzu ndi ya anthu opeza bwino, omwe amalipira inshuwalansi yokwera ndipo amalamulidwa kusesa chumuni ndi kuyezetsa mawaya a magetsi pa nthawi zoikika chifukwa moto ukagwira udzu suzimitsika msanga.

Zikadzavuta, kampani n'kukana kulipira pomwe inu mukuona kuti munanena zoona, yambani ndi kudandaula kwa kampaniyo molemba. Ili ndi masabata asanu ndi atatu oti ipereke yankho lomaliza, ndipo kuchokera pa yankholo muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yopititsa nkhani ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo otere, komwe simulipira kanthu. Kumeneko amayang'ana funso lenileni lomwe munafunsidwa, ngati linali lomveka, ndi zomwe munayankha, n'chifukwa chake imelo iliyonse ya pakati pa inu ndi buloka ndi yofunika kuisunga.

Nyumba ya ku Lilongwe siingalowe m'pangano la ku Britain, ndipo ngakhale mapangano a nyumba za tchuthi zakunja omwe amagulitsidwa kumeneko amayang'ana kwambiri maiko a ku Ulaya monga Spain ndi France. Iyenera kutetezedwa ndi kampani ya ku Malawi yovomerezedwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Popeza ikumangidwabe, pangano wamba la eni nyumba silikwanira. Chofunika ndi pangano la ntchito yomanga, lomwe amalitcha contractors' all risks, ndipo mufunse bwino za simenti, malata ndi mafelemu zomwe zili pamalopo, chifukwa pa zinthu zimenezi makampani amakonda kufuna mlonda kapena chipinda chokhoma. Ikatha n'kukhala yopanda munthu inu muli ku Leeds, ndime ya nyumba yopanda munthu idzakupezaninso kumeneko, choncho muiwerenge ndi diso lomwelo. Chomwe chimapweteka anthu ambiri kwathu ndi ndalama yolembedwa pa pangano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zomangira inakwera pomwe manambala a pa mapangano ambiri anatsala pomwe anali, ndipo lamulo lija lodula malipiro molingana ndi kupereweza limagwiranso ntchito chimodzimodzi. Popeza mudzakhala kumudzi miyezi isanu, patulani tsiku limodzi mupite ku Lilongwe ndi mapulani a nyumbayo ndi malisiti a zomwe mwagula, kuti wowerengera mitengo ya zomangamanga akupatseni nambala ya chaka chino, ndipo muziikonzanso chaka chilichonse pokonzanso panganolo.